Tebulo Lolandirira Apongozi

Lolemba

Apongozi akubwera Lamulungu! Uthenga wafika m'mawa pafoni ya mkazi wanga Felesiya. Amayi ake pamodzi ndi amalume ake, a Thomu, awoloka Shire pabwato kuchokera ku Makhanga, akwera minibasi pa Bangula, nkhomaliro adzadyera kuno ku Nchalo. Akudzaona pamene mwana wawo akukhala.

Nkhani yake ndi ya chitengwa. Ndinapempha kuti Felesiya azikhala kuno kwa ine, osati ine kukakhala chikamwini kwawo, poti ntchito yanga yothirira nzimbe ili kuno. Yankho silinabwerebe. Pano Felesiya ndi woyembekezera, mwana wathu woyamba, ndipo adzachira mvula ili pakati. Amayi ake akufuna amutenge akachirire kwawo. Ku Makhanga! Madzi akadzaza kumeneko msewu kulibe, foni imagwira ikafuna yokha. Ndiye kuti mwana wanga ndidzamuona atamera kale mano. Ndikaganiza zimenezi chakudya sichilowa.

Chimene apongozi amandinenera ndimachidziwa, chinandipeza kudzera mwa anthu: "Anthu a kunzimbe katundu wawo yense amakwana panjinga. Udzuka m'mawa upeza wapita."

Chabwino. Adzaone katundu wosakwana panjinga. Adzaone tebulo.

Miyendo ilipo kale, yachitsulo, yowotcherera bwino. Chasowa n'chapamwamba. Chakale chinali cha matabwa a utuchi aja, chinamwa madzi denga litadontha, chinafufuma ngati mandasi, kenako n'kuyoyoka. Kuyambira pamenepo miyendoyo timayanikapo matawulo.

Kwa kalipentala sindipita. Anthu amenewo akati "mawa" amatanthauza Khirisimasi. Ndipanga ndekha. Pafoni ndaona mavidiyo, azungu akupanga matebulo kuseri kwa nyumba zawo, wina mpaka gogo wa magalasi. Ine ndingalephere?

Njira zimene ndapeza:
- matabwa: kukhoma, kupala, vanishi
- mapaleti (matabwa osanjikapo katundu aja)
- simenti
- matailosi (okongola, koma mwezi sunathe)
- tebulo la mtsinje: matabwa awiri, pakati n'kuthirapo guluu wabuluu wooneka ngati madzi

Lomalizali ndamuonetsa Felesiya. Wayang'ana, wandibwezera foni. "Mtsinje tinauthawa kwathu, inu mukufuna muulowetse pabalaza?"

Kenako wafunsa kuti, "Nanga patebulopo amayi adzakhala ndi ndani?" Funso lanji limenelo? Ndi ine, mwini nyumba. Ndapitiriza kuyeza miyendo ndi chingwe.

Lachiwiri

Matabwa afika! Nditaweruka ndadzera kwa mkulu wina wocheka matabwa kuseri kwa msika. A mtengo wa nimu, ochekedwa dzulo lomweli, akununkhirabe. Inde, ndabwera nawo panjinga. Koma akalumikizana sadzakwerapo.

A Fole, neba wanga, Msena wa ku Nsanje amene sadutsa pa chinthu osachiyankhulira, asuzumira pampanda wa bango. Alowa, agogoda thabwa limodzi ndi chala. "Shamwali, matabwa awa ngaawisi. Nkhabe kuuma." Ndawauza kuti ku Nchalo mwezi wa Okutobala palibe chinthu chimene chimafika madzulo chili chachiwisi. Munthu amene amauma, nanji thabwa.

Zida:
- hamala (ya a Fole)
- sowo (ya a Fole)
- pulena (ya mlamu wa a Fole)
- misomali (yanga, ina yochita kuwongola)
- nzeru (zanga)

Ndakhoma. Chala chachikulu chakumanzere chalawako hamala, chikhadabo chada, koma ntchito imafuna magazi pang'ono. Ndapala mpaka utuchi kulowa m'makutu. Ndapaka vanishi. Kuwala kwake! Ndadziona nkhope, ndi ndevu zomwe.

Felesiya watuluka, walizungulira atagwira m'chiuno. "Labwino." Mawu amodzi okha, koma kwa Felesiya umenewo ndi ulaliki wathunthu.

Ndalikweza padenga la khitchini, pamalata, kuti mawa dzuwa lilimenye tsiku lonse vanishi aume msanga. Izi sanazinene pavidiyo. Ndaziganiza ndekha.

Ndikuona kale Lamulungu. Apongozi kumutu kwa tebulo, ine mbali iyi ndikuwasendezera mbale ya nkhuku, iwo akupukusa mutu kuti mwana uyu tinkamunamizira.

Lachitatu

Mayo ine!

Ndabwera kuchokera kuntchito, ndakwera pandowa kuti nditsitse tebulo langa. Padenga pali bwato. Mbali zonse zapindikira m'mwamba, pakati palowa, matabwa atayana moti dzanja likudutsa. Vanishi watuluka matuza.

Ndaliika pamiyendo, mwina likhazikika mtima. Ndaikapo kapu ya madzi kumapeto. Kapu yatsetsereka yokha mpaka pakati. Ndaika mbale mbali inayo. Nayonso yanyamuka, yakapeza kapu. Kunena zoona ndi tebulo logwirizanitsa banja, koma msuzi sungakhalepo.

A Fole pampanda: "Pyadidi, zabwino zedi! Madzi akabwera bwato muli nalo kale. Chasowa ndi nkhafi."

Sindinaseke. Hamala ndi yawo, ndiye sindinawayankhenso.

Njira yachiwiri: mapaleti. Ndapeza awiri kwa mnyamata wogulitsa zigubu. Awa ndi ouma kale, anauma ine ndisanakwatire. Koma kuwaphwasula ndi nkhondo! Misomali yake ndi yopota, imakana kutuluka, thabwa lililonse likuchoka litang'aluka. Ndasankha abwinoko, ndalumikiza mwazigambazigamba, lalitali apa, lalifupi apo. Pafoni akuti ndiye sitayilo imeneyo, anthu olemera amachita kulipira kuti tebulo lawo lioneke losauka. Ndiye kuti ine ndinayamba kalekale kutsogola.

Likununkhira kanthu kotsekemera. Fungo labwino. Ndalilowetsa pabalaza, padenga sindiikanso kanthu.

Felesiya lero miyendo yamutupa, wakhala pamphasa atatsamira khoma. Wandiitana, wanditenga dzanja lomwe lija la chala chakuda n'kuliika pamimba pake. Kamwanako kakukankha! Mwamphamvu ndithu, ngati kakufuna kutuluka kadzandithandize kukhoma. Ndaseka, kenako mantha andigwira. Akamutenga Lamulungu ndidzatsala ndi ndani m'nyumba muno? Ndi matawulo?

Lachinayi

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Akuluakulu ankanena za tebulo langa.

Tadzuka tebulo lili bii, likuyenda. Mapaleti aja ankasenza zigubu za molasesi, manyuchi a nzimbe aja, anamwa mpaka m'kati. Nyerere za Nchalo yense zabwera, zina ndikukhulupirira zachokera ku Ngabu. Mzere kuyambira kumpanda, kudzera pakhonde, kukwera mwendo wakumanja, kutsikira wakumanzere. Mwadongosolo kuposa anthu pachigayo.

Felesiya wasesa, wathira phulusa, wathira madzi otentha. Bola akanandilalatira.

Mapaleti panja, pafupi ndi bwato.

Tsopano masewera atha. Simenti! Chinthu chimene:
- sichipindika
- nyerere sizidya
- chiswe chimachiopa
- madzi sangachikokolole
- panjinga sichikwera

Mfundo yomalizayi ndiyo yandigwira mtima.

Ndakonza chikombole pansi, kumaso kwa nyumba, patsinde pa nimu. Pulasitiki pansi, waya wa khola la nkhuku m'kati kuti chilimbe, mchenga wa kumtsinje, thumba limodzi la simenti. Ndinati kuchindikala kwake kukhale zala ziwiri. Koma matope a simenti anatsala ambiri, ndipo kutaya simenti ndi tchimo. Ndathira onse. Chafika chikhatho chathunthu.

Ndasalaza ndi chikwanje chakale chodulira nzimbe. See! Ndiye pakona ndalemba ndi msomali dzina langa, dzina la Felesiya, ndi chaka. Apongozi adzawerenge okha kuti anthu awa anakhazikika.

Felesiya ali pakhomo. "Bambo, ndikufunseninso. Inuyo ndi amayi, chiyambire tsiku la chinkhoswe, munadyerapo pamodzi?" Ndati ayi, chifukwa tebulo panalibe. Watembenuka, walowa m'nyumba. Pakati pamatopetsa, ndikumumvetsa.

Lachisanu

Nkhuku ya a Fole yasaina m'mamawa. Mapazi kuyambira pakona iyi mpaka iyo. Mbuzi ya wina nayonso yadindapo chidindo chake pakati. Ndaganiza kuti ndi maluwa. Matebulo a m'sitolo alibe zimenezi.

Ndathira madzi ndisanapite kuntchito kuti lisang'aluke ndi dzuwa. Kumunda ndikuthirira nzimbe, kunyumba ndikuthirira tebulo. Ntchito yanga yandilowa m'magazi.

Masana foni. Felesiya.

Akuti amayi awiri a kutchalitchi kwathu amadutsa pamsewu. Aona chinthu cha simenti chamakona anayi patsinde pa mtengo, chonyowa, masamba atagwerapo, pakona pali mayina ndi chaka. Alowa mwakachetechete, agwada pakhonde. "Pepani, amayi, ife sitinamve. Zachitika liti?" Mmodzi wapita kukawerenga mayina. Wapeza dzina la munthu amene akumupepesayo. Akuti wathawa wasiya patapata mmodzi.

Kuntchito anzanga aseka mpaka kukhala pansi m'ngalande. Inenso ndinaseka. Kufika kunyumba kuseka kwatha. Felesiya maso ali ofiira.

"Ine ndili ndi pakati, inu mukundilemba pachiliza? Dzina langa mulifufute lero lomwe. Amayi akadzaliona sadzadikira n'komwe tiyi, tidzanyamukira limodzi."

Akunena zoona. Ndachita manyazi kwambiri, sindinaganize. Ndatenga hamala ndi msomali waukulu, ndagoba dzina lake mpaka chilembo chomaliza. Langa ndalisiya poyamba, kenako ndaganiza kuti inenso ndikufuna kukhala ndi moyo. Ndagoba. Chatsala chaka chokha ndi mapazi a nkhuku.

Patapata uja ndamupachika pampanda. Mwini wake sanabwerebe.

Loweruka

M'mawa. Anthu onyamula: ine, a Fole, ndi anzanga awiri a kuntchito amene ndawalonjeza thobwa. Miyendo taitulutsa panja kuti tiyesere kaye pabwalo.

Kudzutsa kokha, misana yalira. A Fole mtsempha wa pamphumi watuluka. "Shamwali, ili ndi tebulo kapena mlatho?"

Tasenza. Taika pamiyendo. Tachotsa manja pang'onopang'ono. Laima! Ndatsegula pakamwa kuti ndiitane Felesiya adzaone. Ndiye miyendo yayamba kutayana, modekha, mopanda phokoso, ngati mwana wa ng'ombe wongobadwa kumene. Tonse tangoima kuonerera tebulo likukhala pansi. Palibe amene wavulala kupatula ulemu wanga.

Felesiya walamula kuti chinthucho chichoke pamaso pa anthu odutsa. Tachigubuduza pamitengo mpaka kuseri kwa nyumba, tachisanjika panjerwa. Pomwepo chidzakhala mpaka tsiku lachiweruzo. Anzanga amwa thobwa lonse, apita akutsimphina.

Miyendo ndapita nayo kwa wowotcherera zitsulo pamsika. Magetsi analipo, chodabwitsa cha sabata ino. Waiwongola, wandifunsa ngati inagundidwa ndi thirakitala. Ndati inde.

Madzulo. Miyendo yabwerera pabalaza, yowongoka, yopanda kanthu pamwamba, monga inalili Lolemba. Zimene zanditsalira:
- bwato
- chakudya cha nyerere
- chiliza
- pemphero

Ndakhala pampando, ndikuyang'ana miyendo. Mawa nthawi ngati ino mwina Felesiya adzakhala ali m'bwato lenileni, akuwoloka. Mtima ukuwawa. Ndatembenuka kuti ndisaganize, maso agwera pachitseko cha kuchipinda kwathu.

Chosalala. Chouma. Chaona Okutobala wambiri osapindika. Ndayeza ndi chingwe chija. Ndendende!

Mahinjesi ndamasula ndi mpeni. Chogwirira ndachotsa, loko ndachotsa. Ndachigoneka pamiyendo, ndamangira waya kunsi, ndapaka vanishi wotsala. Kapu ndaiika kumapeto, yakhala pomwepo. Ndagwedeza, silikugwedera. Tebulo! Lokongola kuposa onse a pafoni. Chilema ndi chimodzi chokha, chibowo cha loko. Ndaikapo mbale ya shuga. Palibe amene angadziwe.

Pakhomo la kuchipinda ndakhomerapo chitenje cha Felesiya.

Iye waima, akuyang'ana chitenje, akuyang'ana tebulo. "Amayi akaona bedi la mkamwini wawo, ine ndilibemo."

Ndamuuza kuti ndi masana amodzi okha. Adya, aona, akwera minibasi, chitseko chibwerera pamalo pake. Mlendo ndi mame.

Lamulungu

Afika dzuwa lili pamutu. A Thomu patsogolo, jekete ngakhale kukutentha chonchi. Apongozi pambuyo, dengu la milamba youma pamutu, mphasa yawoyawo m'khwapa, ndi chimtolo chachikulu chimene wakabaza wachita kutsitsa ndi manja awiri. Mtolo wonsewo wa masana amodzi? Ndinadabwa, koma ndinalibe nthawi.

Ndagwada chapatali, ndapereka moni. Mpunga, nkhuku, tiyi, zonse zili patebulo, vanishi akuwala. Ndauza Felesiya kuti alendo alowe.

A Thomu alowa. Apongozi ayala mphasa yawo pakhonde, akhala chammbali, nkhope kumpanda. Akuyankhula ndi mwana wawo, ine ndikumva.

"Uwauze amuna akowo, kwathu mpongozi sadya moyang'anana ndi mkamwini. Kapena kwawoko amatero?"

Kwathunso satero. Ndikudziwa. Ndakhala ndikudziwa chibadwire, amayi anga atamva angandikoke khutu ndi ndevu zangazi. Sabata yathunthu, chala chakuda, msana wothyoka, kupangira tebulo munthu amene mwambo sumulola kukhalapo ine ndili pomwepo. Felesiya wadutsa ndi mbale za amayi ake kupita nazo pakhonde. Sanandiyang'ane. Mapewa ake okha ndi amene amagwedera.

Tadya awiri ndi a Thomu. Asisita tebulo ndi chikhatho. "Thabwa ili ndi lakale, lokhwima. Masiku ano sapezeka otere." Ndavomera kuti sapezeka.

Tiyi. Atambasula dzanja. Ndathamangira kuti ndiwathirire shuga ndekha, koma mochedwa. Anyamula mbale yonse. Ayang'ana chibowo. Awerama, asuzumiramo ndi diso limodzi, aona nsapato yawo. Adzuka. Ayang'ana zibowo za mahinjesi m'mbali. Ayang'ana chitenje.

Nthawi yomweyo mphepo ya masana ija yochokera kumtsinje yalowa pawindo. Chitenje m'mwamba! Bedi, neti, kabudula wanga wam'kati ali pachingwe, zonse poyera, molunjika pakhonde. Apongozi anali atangotembenuka kuti asambe m'manja.

"Mayo!" Mpango kumaso.

A Thomu abwezera mbale ya shuga pachibowo, mosamala kwambiri. "Takhuta," atero, n'kutuluka.

Azungulira nyumba ndi mlongo wawo, Felesiya akuwatsogolera ngati woonetsa alendo malo. Bwato. Mapaleti, nyerere zikadali pantchito. Chiliza. Ine ndakhala pandowa pafupi ndi khitchini. Kuseri kwamveka kutsokomola, kenako kuseka, kuseka kwa munthu wamkulu kofika potulutsa misozi. Aka n'koyamba kumva apongozi akuseka. Sindikudziwa ngati n'kwabwino.

Abwerera pakhonde. Chigamulo chadzera mwa a Thomu, apongozi akuponyamo mawu nkhope ili kumpanda.

Choyamba: "Uyu sangathawe. Chimwala chili kuseriko angachikweze panjinga iti?" Chitengwa chavomerezedwa. Felesiya akhala. Akachirira kuchipatala cha konkuno, poti n'chapafupi.

Ndawomba m'manja. Misozi inali pafupi, ndanamizira utsi wa kukhitchini.

Chachiwiri: "Koma munthu wochotsa chitseko pachipinda cha mayi wapakati sitingamusiyire mwana wathu yekha." Apongozi akhala konkuno, amusamale mpaka achire. Ndawerengera m'mutu. Akamadzachira, Makhanga adzakhala ali pakati pa madzi. A Thomu anena okha ndisanafunse: "Adzabwerera madzi akaphwa."

Madzi omwe aja ndinkawaopa kuti anditsekera mkazi kutsidya. Anditsekera apongozi kuno.

Ndiye mtolo uja. Anabwera atakonzeka kale.

Chitseko chabwerera pamalo pake dzuwa lisanalowe, chikuwala vanishi, chili ndi chizindikiro cha mbale ya nkhuku pakati. A Thomu akwera minibasi okha. Pabalaza tsopano ndi kuchipinda kwa apongozi, ine ndizidutsa chowerama, nditayamba ndatsokomola. Miyendo ya tebulo aitulutsa panja, ayalapo bango, ayanikapo milamba yawo. Akuti ndi thandala labwino, uwathokoze amuna ako.

A Fole pampanda, adzatenga hamala yawo: "Shamwali, mame aja sanakamuke?"

Chakudya chamadzulo Felesiya wandibweretsera kuseri kwa nyumba, kumene apongozi sangandione ndikutafuna. Waika mbale pachiliza, pakati pa mapazi a nkhuku. Wandigwira paphewa, wabwerera. Ndakhala panjerwa. M'nyumba ndikumva awiriwo akukangana za dzina la mwana, Felesiya akuseka.

Ndagwedeza tebulo langa la simentili ndi bondo. Silikugwedera. Ndidyera pano mpaka madzi ataphwa.